Odi ku Phanga la Makolo

Caka ndi caka makoleji ndi mayunivesite a m'dziko lathu amatumiza ophunzira ao kunja kwa kalasi kuti akagwire nchito pakati pa anthu kwa milungu ingapo kapena miyezi. Ophunzira eni ake amachula nthawi imeneyi kuti atachimenti. Wophunzira za uphunzitsi amakaima kutsogolo kwa ana pa sukulu, wa unamwino amapita ku cipatala, wa zaulimi amakayenda ndi alangizi m'minda. Ambiri mwa iwo, pamodzi ndi makolo ao, amalakalaka malo a m'tauni: ofesi ya ku Lusaka kapena ku Ndola, kumene kuli magetsi, madzi a ku mpopi, ndi ciyembekezo ca kulembedwa nchito pambuyo pake. Amene kalata yake yamuponya ku mudzi wa kutali amaona ngati tsoka lamugwera.

Komatu ku midzi imeneyi, makamaka ku Cigawo ca Kum'mawa, kuli nchito ina yaikulu imene ikusowa manja. M'mapiri a ku Chipata, Katete ndi Chadiza muli mapanga amene makolo athu, ndi anthu ena amene anakhalako iwo asanafike, anajambulamo zithunzi pa matanthwe. Zina mwa zithunzizo zapirira dzuwa ndi mvula kwa zaka mazana ambiri, koma zikufafanizika m'masiku athu ano, ife tikupenya. Anthu a kutali sadziwa kuti ziliko, ndipo ana amene amadyetsa mbuzi m'tsinde mwa phiri lomwelo sadziwa kuti ndi za ciani. Wophunzira wotumizidwa ku dera lotere angathe kuthandiza kuti malowo adziwike ndi kusungidwa. Angathenso, ngati sacenjera, kufulumizitsa kuonongeka kwake. Zonse zagona pa m'mene walowera m'mudzimo: kodi anayamba wanena odi?

Zimene zili m'mapiri mwathu

Mwa mapanga a ku Kum'mawa, la Kalemba ku dera la Chadiza ndilo limatibwezera kutali kwambiri m'mbuyo. M'caka ca 1971 katswiri wofukula zakale, David Phillipson, anakumba pansi pa phangali mosamala, kucotsa dothi pang'ono-pang'ono monga momwe linasanjikizirana. Anapeza zida za miyala, mafupa a nyama, mapale a mbiya, ndi makala a moto umene unazima kale-kale. Makalawo atapimidwa, zinaoneka kuti anthu anayamba kukhala pa Kalemba zaka zoposa 35,000 zapitazo.

Tiyeni tiime pang'ono pa nambala imeneyi. Angoni a Zwangendaba anaoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835, ndipo kucokera pamenepo kufika lero sizinakwane zaka 200. Ufumu wa Maravi, umene timaucha wakale, zaka zake ndi mazana owerengeka cabe. Koma maufumu onsewa asanayambe, pa Kalemba utsi unali utafuka kale kwa mibadwo yosawerengeka. Akulu a m'deralo amasimbanso kuti pa nthawi ya nkhondo za Angoni anthu anali kuthawira m'phanga lomwelo. Cotero denga limodzi la mwala linafunditsa mlenje wa uta ndi mivi, ndipo linadzafunditsanso mai wa Cicewa wobisa ana ake.

Phillipson anakumbanso pa Makwe ku dera la Katete ndi pa Thandwe kufupi ndi Chipata, nalemba zimene anapeza m'buku limene linatuluka mu 1976. Kulinso zithunzi ku Mkoma, ku phiri la Zawi ndi ku Katolola. Ambiri mwa malowa ali pa mndandanda wa malo otetezedwa ndi boma. Nanga ndi angati mwa ife, obadwira ndi kukulira ku Kum'mawa konkuno, amene anapondapo pa limodzi la malo amenewa?

Zofiira ndi zoyera

Wolowa m'mapanga amenewa amaona zithunzi za mitundu iwiri. Zakale kwambiri ndi zofiira: zozungulira zina m'kati mwa zinzake, mizere yoima motsatana, madontho, ndi zina zooneka ngati makwerero. Utoto wake unali wa mwala wofiira wopera, umene unagwira thanthwe kolimba kotero kuti ukuonekabe. Acewa samati zithunzi zofiirazi ndi zao. Amati ndi za Akafula, kapena kuti Abatwa, anthu afupi-afupi osaka nyama ndi kufula uci, amene makolo athu anawapeza m'dziko muno. Ndani wa ife sanamve agogo akusimba za Amwandionerapati? Akuti ukakumana naye m'chire anali kufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Wanzeru anali kuyankha kuti, "Ndakuonerani patali, mukali kuseri kwa phiri lija," ndipo anali kupitiriza ulendo wake mu mtendere, koma woyankha kuti "pompano" anali kudziputira mubvi. Anthuwo anatha, ena anasakanizika ndi mitundu ya alimi, ndipo cinenero cao cinapita nao. Catsala ndi zithunzi zao, zimene akatswiri ena amaganiza kuti zinali zokhudza mvula ndi kubala.

Zithunzi zoyera ndi zaposacedwa, ndipo izi ndiye zathu. Anazijambula ndi cala coviika m'dothi loyera, nthawi zambiri pamwamba pa zofiira zija. Zina zimaoneka ngati cikopa ca nyama cokhomedwa pansi kuti ciume, miyendo inai ili tambalale, kapena ngati buluzi womuonera kumwamba. Izi zinali za cinamwali: anamkungwi anali kutengera anamwali ku phanga, kutali ndi maso a amuna, ndi kuwalangiza poloza zithunzizo. Zina ndi za nyau, zooneka ngati zilombo za Gule Wamkulu monga kasiyamaliro. Mmodzi mwa anthu oyamba kulemba za ubale wa zithunzi zoyerazi ndi nyau anali wansembe wa cipani ca Montfort, Bambo Matthew Schoffeleers, mu 1978. Akatswiri amene anabwera pambuyo pake amanena kuti zambiri za nyau zinajambulidwa pa nthawi imene gule anali kuponderezedwa, poyamba ndi Angoni, kenaka ndi boma la atsamunda pamodzi ndi amishoni. Cimene sicinaloledwe pa bwalo cinakabisala m'phanga. Pa matanthwe ena pali ngakhale cithunzi ca galimoto, umboni wakuti ena mwa ojambulawo anali anthu a dzulo lomweli.

Kutsidya kwa malire, ku Dedza m'dziko la Malawi, zithunzi za mtundu womwewu zinachuka pa dziko lonse. Mu 2006 bungwe la UNESCO linalemba dera la Chongoni, lokhala ndi malo a zithunzi 127, pa mndandanda wa colowa ca anthu onse a pa dziko lapansi. Caka cimodzi izi zisanacitike, mu 2005, bungwe lomwelo linali litazindikira Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia monga cuma ca mtengo wapatali. Amene anajambula ku Chongoni ndi amene anajambula ku Thandwe anali anthu a mwambo umodzi. Malire anabwera mocedwa. Koma pamene za ku Dedza zikuonedwa ndi alendo, zathu zili phee m'chire.

Zimene zikudya zithunzi

Mdani woyamba wa zithunzi ndi cilengedwe comwe: madzi a mvula otsetsereka pa thanthwe, ciswe, ndi zisa za dothi zimene mavu amamanga. Koma adani otere amadya pang'ono-pang'ono. Wofulumira ndi munthu. Mwana wa sukulu amalemba dzina lake ndi khala kapena coko pamwamba pa cithunzi ca zaka mazana. Abusa a ng'ombe ndi osaka mbewa amasonkha moto m'phanga pobisalira mvula, ndipo mwaye umaphimba khoma lonse. Ena okwera m'phiri kukapemphera amacitanso cimodzimodzi, nalemba mavesi pa mwala ndi penti. Oocha makala amadula mitengo imene inali kuchinga phanga ku dzuwa ndi mphepo. Ophwanya miyala yomangira amaswa thanthwe lonse, vuto limene lakhala likudandaulitsa anthu ku Kasama, kumene kuli zithunzi zochuka za Mwela. Ngakhale mlendo wa mtima wabwino amaononga: amathira madzi pa cithunzi kuti ciwale pojambula, kapena amacisisita ndi dzanja la thukuta, osadziwa kuti akucotsa utoto umene sudzabwereranso.

Si kuti boma linangokhala cete ai. M'caka ca 1989 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission kuti liziyang'anira malo otere. Lamulo la caka cimeneco linaletsa kukumba, kusuntha kapena kuononga zinthu zakale popanda cilolezo, ndipo linalamula kuti wopeza cinthu cotere adziwitse bungweli pasanathe masiku 14. Koma dziko ndi lalikulu, mapanga ndi ambiri, ndipo lamulo lolembedwa m'Cingelezi m'buku la ku Lusaka silingakhale pakhomo pa phanga usana ndi usiku. Mlonda weniweni wa phanga ndi mudzi umene uli m'tsinde mwake.

Za ici abale athu a ku Zimbabwe anaphunzira mowawa. Ku Domboshava, kumpoto kwa Harare, kuli phanga la zithunzi kumene anthu a m'deralo anali kucitira miyambo yopempha mvula. Malowo ataikidwa m'manja mwa boma kuti atetezedwe, eni dera analetsedwa miyambo yao, ndipo anayamba kudziona ngati alendo pa phiri lao lomwe. Mu 1998 anthu ena anapaka penti pa zithunzizo. Ambiri amene analemba za nkhaniyi amati gwero lake linali mkwiyo wa anthu amene anamanidwa mau. Malo amene eni ake acotsedwapo mtima, ngakhale muwazinge ndi waya, ali pa ngozi.

Ophunzira amene anatsogola

Pano ndi pamene wophunzira amalowera, pakuti iye angathe kuima pakati pa mudzi, sukulu ndi akuluakulu a boma, kumva cinenero ca onse atatu. Ndipo iyi si nkhani yongolota. Zambiri zimene dziko likudziwa lero za zithunzi za kuno zinasonkhanitsidwa ndi anthu amene pa nthawiyo anali ophunzira cabe. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, Benjamin Smith, wophunzira wa pa yunivesite ya Cambridge, anayenda m'mapiri a ku Dedza ndi ku Kasama, kulemba phanga ndi phanga, ndipo mu 1997 bungwe loyang'anira colowa lija linasindikiza buku lake lonena za zithunzi za ku Kasama. Pambuyo pake Leslie Zubieta, mai wocokera ku Mexico amene anali kuphunzira pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, anafuna kumvetsa zithunzi za cinamwali za pa phanga la Mwana wa Chentcherere ku Dedza. Mabuku okha sanamukwanire. Anakakhala pansi ndi amai acikulire a Cicewa, nawachera khutu, ndipo buku lake linatuluka mu 2006.

Anthu amenewa anacokera kutali, kumene Cinyanja sicimveka. Nanga mwana wathu wa pa Chipata College of Education, wa pa University of Zambia, kapena wa pa koleji ina iliyonse, amene anayamwira cinenero ici, amene adziwa kugwada ndi kuomba m'manja, angalephere bwanji?

Njira ziwiri zokwerera phiri

Tiyerekeze kuti mtsikana wina wophunzira za uphunzitsi watumizidwa kwa temu imodzi ku sukulu ya pulaimale m'tsinde mwa phiri lotere. Tsiku lina ana a Giredi 6 amuuza kuti, "Madamu, ku phiri kuja kuli zolemba za Akafula." Pamaso pake pali njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi yacidule. Loweruka m'mawa atenga foni yake, anyamata awiri a m'kalasi amutsogolera, ajambula zonse zimene aona, ndipo madzulo zithunzizo zili kale pa Facebook pamodzi ndi dzina la phiri. Anzake a m'tauni ayamikira. Koma Lolemba lisanafike mudzi wonse wamva kuti mlendo wakwera ku malo a amai popanda kufunsa, ndiponso watengerako ana aamuna. Kucokera tsiku limenelo aliyense amene iye amufunsa za phiri amangoti, "Kaya, ife sitidziwa." Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Njira yaciwiri ndi yozungulira. Apempha aphunzitsi aakulu kuti amuperekeze kwa mfumu ya mudzi. Avala citenje, agwada, aomba m'manja, nalankhula kudzera mwa nduna: "Zikomo Amfumu, ine ndine mlendo wanu. Ndamva kuti m'phiri muli zithunzi za makolo. Ndati ndisakwere ndekha ngati mbala. Ndabwera kudzapempha njira." Mwina mfumu siyankha tsiku lomwelo. Idzafuna kuyamba yakambirana ndi akulu, ndipo ngati nkhani ikula idzaitumiza kwa mfumu yaikulu ya dera. Patapita sabata uthenga ubwera: "Aphunzitsi apite kwa agogo aja a kumapeto kwa mudzi, eni nkhani ndi amenewo."

Agogowo, namkungwi wakale, amuyang'ana nthawi yaitali asanalankhule. Kenaka akuti: "Mdzukulu wanga, za ku phiri zili m'malicero atatu. Za m'licero loyamba ndikuuzani, mukalembe, mukauze ana ndi alendo. Za m'licero laciwiri ndikuuzani cifukwa ndinu mkazi mnzanga, koma zithere m'mtima mwanu. Za m'licero lacitatu musafunse. Eni ake ndi amuna a ku dambwe, ndipo ngakhale ine sindizigwira."

Wophunzira amene wamvetsa za malicero atatuwa wapeza maziko a nchito yake yonse. Asade nkhawa kuti zimene wamanidwa ndi zambiri. Licero loyamba lokha ndi lodzaza kotero kuti temu imodzi singalimalize.

Nchito yoti manja agwire

Coyamba ndi kulemba zimene akulu akumbukira. Phirilo dzina lake ndani, ndipo linachedwa cotero cifukwa ciani? Ndani anabisala m'phangamo pa nkhondo? Kodi panali kacisi wa mvula pafupi? Nkhani zotere sizili m'buku lililonse, ndipo maliro aliwonse a munthu wacikulire amapita nazo zina. Foni imene ikanautsa mkangano pa njira yoyamba ija ingathe tsopano kusunga mau a agogo, iwo atavomera.

Caciwiri ndi kujambula moyenera. Wophunzira asathire madzi pa thanthwe, asakhudze cithunzi, asacizungulize ndi coko kuti cioneke bwino. Aike rula pafupi kuti kukula kwake kudziwike, alembe tsiku ndi malo, ajambulenso pamene paonongeka. Wobwera patapita zaka zisanu adzatha kuyerekeza ndi kuona ngati zinthu zikuipa. Asatole kanthu, ngakhale phale laling'ono. Phale limanena za msinkhu wake likakhala m'dothi limene linagonamo; likalowa m'thumba la munthu langosanduka cidutswa ca mbiya. Zonse zimene walemba ndi kujambula azitumize ku bungwe loyang'anira colowa, pakuti ndilo lili ndi mphamvu ndi luso la kukonza pamene paonongeka.

Cacitatu ndi ana a sukulu. Amene amalemba maina pa matanthwe sacita zimenezi cifukwa ca nkhanza. Palibe amene anawauza kuti akulemba pa ciani. Kalasi likakwera phiri motsogozedwa ndi munthu wamkulu wa m'mudzi, kupita ku malo okhawo amene akulu alola, phunziro la mbiri ya dziko limatsika pa bolodi ndi kukhala cinthu cooneka ndi maso. Mwana amene wamva kuti pansi pamene waimapo panagona anthu othawa nkhondo, mwina a mtundu wake womwe, adzakhala woyamba kuletsa mnzake wonyamula khala.

Cacinai ndi kulengeza. Cikwangwani ca pa mphambano, colembedwa m'Cinyanja ndi m'Cingelezi, ciikidwe mogwirizana ndi mfumu ndi bungwe lija. Kapepala kacidule kafotokoze mbiri ya malo ndi malamulo a mlendo. Wophunzira za utolankhani angakonze pologalamu pa wailesi za ku Chipata monga Radio Maria kapena Breeze FM, m'mene akulu a m'mudzi adzilankhulira okha. Wa zokopa alendo angayeze njira, nthawi imene imatenga kukwera, ndi pamene pafunika kulambula.

Cacisanu ndi kusiya anthu pambuyo. Wophunzira ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Asanacoke aphunzitse acinyamata awiri kapena atatu, osankhidwa ndi mudzi, kuperekeza alendo ndi kusunga buku lolembamo obwera. Mudzi ugwirizane poyera, pa bwalo, za amene adzasunga kandalama kalikonse kamene alendo angasiye ndi nchito imene kadzagwira, pakuti ndalama yosakambirana yapasula mabungwe ambiri m'midzi mwathu.

Pamene ayenera kuima

Alendo oti angabwere alipo. Mseu waukulu wa Great East umadutsa pa Katete ndi pa Chipata. Mwezi wa Ogasiti Acewa a m'maiko atatu amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kudzalambira Kalonga Gawa Undi. Mwezi wa Febuluwale khamu lina limapita ku Mtenguleni pa Nc'wala ya Angoni. Opita kukaona nyama ku South Luangwa pa galimoto amadzera pa Chipata. Ocepa cabe mwa anthu amenewa atapatuka kwa theka la tsiku, phanga lingadziwike.

Komabe wophunzira alankhule zoona. Asalonjeze kuti azungu adzabwera ndi mabasi, kapena kuti mudzi udzalandira mjigo ndi mseu cifukwa ca phanga. Lonjezo lotere likapanda kukwaniritsidwa, anthu amakwiyira phanga lomwelo. Alendo oyamba ndi odalirika adzakhala masukulu a m'boma lomwelo, magulu a acinyamata, ndi ana a m'mudzimo okhala m'tauni amene abwera ku chuthi ndi ana ao. Phindu loyamba ndi lakuti mudzi udziwe cimene uli naco.

Adziwenso kuti si phanga lililonse liyenera kulengezedwa. Pali ena amene akugwirabe nchito ya mwambo, pali ena amene zithunzi zake ndi zofooka kotero kuti mapazi ambiri ndi fumbi lake angazimalize, ndipo pali ena amene palibe wowayang'anira. Kuika dzina ndi njira ya malo otere pa intaneti ndi kuitana oononga ndi okumba cuma. Nthawi zina thandizo lalikulu limene wophunzira angapereke ndi kulemba malowo mwakacetecete, kudziwitsa bungwe loyenera, ndi kutseka pakamwa.

Mau kwa makoleji ndi kwa makolo

Akuluakulu a makoleji ali ndi mbali yao. Cala cimodzi siciswa nsabwe, ndipo wophunzira mmodzi wa miyezi itatu sangamalize nchito yotere. Koleji isankhe midzi ingapo ndi kubwererako caka ndi caka, kuti gulu latsopano lizipitiriza pamene linzake linalekezera. Midzi yambiri yatopa ndi alendo a mafunso amene amadya nsima yao, kudzaza makope, kenaka n'kuzimirira. Lipoti la wophunzira lisathere m'kabati ya pa koleji. Limasuliridwe m'Cinyanja, liwerengedwe pamaso pa anthu amene anapereka nzeruzo, ndipo lina litsale kwa mfumu, lina pa sukulu. Maina a agogo amene analankhula alembedwe m'menemo monga aphunzitsi, ngati iwo afuna.

Ndipo inu makolo, mwana wanu akabwera ndi kalata yomutumiza ku mudzi wa kutali, musayambe ndi kuthamangira kwa acibale a m'maofesi kuti amusinthire malo. Nkhawa yanu ndi yomveka: ndalama ya ulendo ndi ya cakudya idzacokera m'thumba mwanu, ndipo mufuna kudziwa kumene adzagona. Funsani zimenezo, ndi udindo wanu. Koma ganizaninso za cimene adzabwera naco. Mwana amene waphunzira kupempha njira kwa mfumu, kudikira yankho osanyinyirika, kusunga cinsinsi ca eni ake, ndi kuyanjanitsa mudzi ndi ofesi ya boma, waphunzira zinthu zimene olemba nchito amazifuna ndipo sazipeza kawirikawiri. Musanamuperekeze ku basi, mukhazikeni pansi ndi kumuuza za phiri la kwanu, za mfunda wake ndi kumene makolo ake anacokera, kuti akakafunsidwa kuti "Ndinu a kwa yani?" asakagwetse nkhope.

Agogo amene adziwa tanthauzo la zithunzi zoyera akucepa caka ndi caka, ndipo Akafula anapita osasiya wotimasulira zofiira. Ngati m'badwo uno wa ophunzira supita kukakhala pansi ndi akulu amene atsala, zoyera nazo zidzasanduka monga zofiira: zooneka ndi maso, zopanda wozifotokoza. Phiri lili pompo, mseu ulipo, ndipo agogo akali pakhonde. Wophunzira apite, aime pa bwalo la mfumu, ndipo anene odi.